Mvula ikacepa, werengani mapesi anu

Mukuikumbukira mvula ya caka ca 2024? Mwezi wa Febuluwale dzuwa linawala masiku ambiri popanda dontho. Akatswiri anati ndi El Niño. Ku Tete, Manica ndi Sofala cimanga cambiri cinauma cisanabereke. Kucokera nthawi imeneyo, anthu akukamba kwambiri za mbewu yokhwima msanga ndi za feteleza. Zonsezo n'zofunika. Koma pali cinthu cina cosagula ndi ndalama, cimene cili m'manja mwanu: kutalikirana kwa mapando.

Phesi lililonse limamwa madzi m'nthaka. Mukabzala mapesi ambiri pamalo pang'ono, onse amamwa pa citsime cimodzi. Mvula ikamagwa bwino, palibe vuto. Ikadula milungu iwiri kapena itatu, cinyezi cimatha msanga.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene cimanga cikumasula. Ngayaye pamwamba imagwetsa mungu, ndipo munguwo uyenera kugwera pa ndevu. Ulusi umodzi wa ndevu ndi njere imodzi. Phesi likamva ludzu, ndevu zimacedwa kutuluka. Zikamatuluka, mungu watha kale. Ndiye mumaona munda wa mapesi aatali, koma zitsononkho za njere zowerengeka, zina zopanda kanthu.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Hekitala imodzi ndi munda wa mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi. Mizere ikatalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, mumakhala mapesi pafupifupi 53,000. Mizere ikakhala pa 90, mapando pa 30, mapesi ndi pafupifupi 37,000. Mizere pa 90, mapando pa 50, atsika kufika pa 22,000. Mvula ndi yomweyo, koma pakamwa pakumwa pacepa.

Tsono cabwino n'citi? Yankho lili pa dera lanu. Ku mapiri a Angónia ndi Tsangano kumazizira, mvula imagwa yambiri. Kumeneko, ngati muli ndi feteleza kapena manyowa, kubzala mothinana kumadzaza nkhokwe. Koma ku Changara, Cahora Bassa ndi Mágoè kumatentha, mvula ndi yocepa, imathanso msanga. Mlimi wa kumeneko akatengera mabzalidwe a ku Angónia, caka couma akhoza kukolola mapesi okhaokha.

Wina anganene kuti, "Ndikatalikitsa mapando, caka ca mvula yabwino sinditaya matumba?" Zoona, mungataye ena. Komanso dzuwa likamafika pansi, udzu umamera kwambiri, ndipo udzu nawo umamwa madzi. N'cifukwa cake munda wotere umafuna kupalira msanga. Koma ganizirani izi. Kutaya matumba awiri caka cabwino sikugonetsa ana ndi njala. Kutaya munda wonse caka couma ndiye njala yeniyeni. Mpata wotsala pakati pa mizere mungabzalemo khobwe, ndipo mapesi a caka catha muwayale pansi kuti asunge cinyezi.

Pali vuto linanso limene timalizolowera. Ambiri timaponya mbewu zinayi kapena zisanu pa phando limodzi, poopa kuti zina sizimera. Zikamera zonse, timacita nazo cisoni kuzula. Koma mapesi asanu pa phando limodzi amalandana madzi, cakudya ndi dzuwa. Patulirani cimanga cikadali cacing'ono, patatha milungu iwiri kapena itatu cimere, nthaka ili yonyowa. Siyani limodzi lamphamvu, kapena awiri ngati mapando ali patali.

Simufunika cida codula. Bwerekani tepi kwa telala kapena kwa mmisiri wa matabwa. Dulani timitengo tiwiri: kamodzi ka mizere, kena ka mapando. Cimanga cikamera, yezani mamita 10 pa mzere umodzi n'kuwerenga mapesi. Mukapeza 40, ali pa masentimita 25. Mukapeza 20, ali pa 50.

Caka cino yesani pa munda wanu. Gawani kacigawo pawiri. Mbali ina bzalani monga mwa masiku onse, mbali ina motalikitsa. Mbewu ikhale imodzi, tsiku lobzala limodzi. Lembani m'kope tsiku ndi miyeso. Pokolola, lembani madengu a mbali iliyonse. Kenako tengani kopelo kwa mlangizi wa ulimi ku SDAE ya boma lanu, mukaone naye muyeso woyenera nthaka yanu.