Msana ulibe sipeyala

Aliyense amene adaimako pamsika wa ku Ulóngue kapena pachipata cha Calómue chakumadzulo adaona m'mene anyamata oyendetsa njinga zamoto amatsikira. Mnyamata wa zaka 25 amatsika pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, n'kuyamba wawerama kaye ngati nkhalamba yochokera kudimba. Akafunsidwa amangoti ntchito yake njotero. Ena amanamizira kuzizira kwa mwezi wa June, ena amafika pokayikira anansi kuti awaponda.

Nkhondo itatha mu 1992, anthu atabwerako ku Dedza ndi ku Ntcheu kumene adathawira, katundu ankayenda pamutu, pangolo ndi panjinga yakapalasa. Lero mota ikufika ku Dómue, ku Tsangano ndi m'midzi imene galimoto silowa nthawi ya dzinja. Ikunyamula mbatatesi, feteleza, amayi apakati ndi odwala. Palibe amene angafune kubwerera kumasiku oyenda wapansi. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope ake ndi misana ya anyamata imene ikutha iwo asanakwanitse zaka 40.

Vuto la msana si la ku Angónia kokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti mu 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi msana wa m'munsi, ndipo palibe vuto lina limene limalepheretsa anthu kugwira ntchito kuposa limeneli. Komabe kwa woyendetsa mota mbali yaikulu ya vutoli ili panjinga pomwepo, ndipo ingathe kukonzedwa ndi sipanala.

Njinga imachoka kufakitale ku China kapena ku India itamangidwa mofanana, posaona kuti woigula ndi wamtali kapena wamfupi, komanso posadziwa kuti idzasenza matumba m'njira za m'mapiri. Wogula amasamala za injini, mafuta ndi wailesi, koma sadzifunsa ngati njingayo ikumukwana. Nsapato yothina munthu amaibweza tsiku lomwelo. Njinga yosamukwana amakhala nayo zaka zitatu.

Poyambira ndi pamahandulo. Munthu akakhala pachishalo n'kugwira mahandulo, zigongono ziyenera kukhala zopindika pang'ono, mapewa ali omasuka. Ngati mikono yawongokeratu ndipo iye akuchita kudzikoka kuti afikire, ndiye kuti dzenje lililonse likumenya m'mapewa ndi m'chiuno popanda choletsa. Panjinga zambiri mahandulo amagwidwa ndi mabawuti anayi. Makaniko amangowamasula, n'kupendeketsa mahandulo pang'ono chakumbuyo, n'kumanganso molimba, kenaka n'kuona kuti mahandulowo sakugunda thanki pokhota ndiponso kuti mawaya sakukokeka. Zogwirira za mabuleki ndi kilatchi nazonso zitembenuzidwe kuti dzanja lisamapindike pozifikira. Mahandulo amene adapindika njinga itagwa ayenera kusinthidwa, chifukwa amayendetsa munthu chopotoka ulendo wonse iye osazindikira.

Nkhani yaikulu ili pamashoko akumbuyo, amene ena amawatchula kuti amortecedor. Panjinga zambiri zamtunduwu, m'munsi mwa sipuling'i muli mphete ya mano, kawirikawiri asanu, imene imalimbitsa kapena kufewetsa sipuling'iyo. Oyendetsa ambiri sadaikhudzepo chigulireni. Katundu akachuluka sipuling'i ili yofewa, njinga imakhala pansi, shoko imagunda kumapeto, ndipo kugundako kumathera mumsana. Ikalimbitsidwa kwambiri munthu ali yekha, njinga imadumpha ngati ngolo yopanda kanthu. Mphete iyenera kusunthidwa molingana ndi katundu, ndipo mbali zonse ziwiri zikhale pa dzino limodzi. Shoko imene ikudontha mafuta, kapena imene imangonjanja ikakanikizidwa, idafa kale. Kuipaka penti sikuidzutsa.

Apa eni njinga ali ndi mlandu. Pali abambo amene amapereka njinga kwa mnyamata kuti azibweretsa ndalama tsiku ndi tsiku, koma akauzidwa kuti mashoko atha amayankha kuti njinga ikuyendabe. Inde ikuyenda, chifukwa msana wa mwana wa eni ndi umene ukugwira ntchito ya shoko. Mnyamatayo akadzagona pamphasa, njinga idzapatsidwa kwa wina, koma munda wake udzasowa woulima, ndipo mkazi wake ndi amene adzasenze banja. Magulu a oyendetsa mota akamakambirana ndi eni njinga za ndalama ya tsiku, nkhani ya mashoko ndi chishalo ilowemo.

Chishalo chimene siponji yake idaphwa mpaka munthu kumamva chitsulo chiyenera kuikidwa siponji yatsopano yolimba, ntchito imene osoka mipando amaidziwa. Matayala asapopedwe mpaka kuuma ngati mwala poganiza kuti ndiye asenza bwino. Muyeso wake udalembedwa m'kabuku ka njinga, ndipo nthawi zambiri pakapepala komatidwa pafupi ndi tcheni.

Kamangidwe ka katundu nakonso kakupweteka ambiri. Thumba la mbatatesi likadya theka la chishalo, woyendetsa amakankhidwira pathanki, mawondo atapanikizika, msana utapindika ngati uta. Akayenda chotero kuchoka ku Ulóngue kudzera pa Mussacama mpaka ku Tete, mtunda wa makilomita pafupifupi 230, palibe mankhwala amene angamuthandize. Katundu asalande malo a woyendetsa ndipo alemere mofanana mbali zonse. Chikwama chobereka chitsike, chimangidwe pakaliyala, ndipo kachikwama ka ndalama kachoke m'thumba lakumbuyo.

Ngakhale njinga itakonzedwa bwino, thupi silidapangidwe kuti likhale malo amodzi maola atatu likugwedezeka. Pakatha ola limodzi ndi bwino kuima, kutsika ndi kuyendayenda pang'ono. Podutsa dzenje munthu achepetse liwiro, atsamire pazopondera ndi kunyamuka pang'ono kuti mawondo alandire kugundako. Ndipo asamangotsika n'kuthamangira kunyamula thumba la makilogalamu 50 msana udakali wouma. Ayambe wawongoka, apinde mawondo, aitane mnzake.

Ambiri athawira kumapiritsi ogula pamsika. Brufen ndi diclofenac amaziziritsa ululu, koma akamamwedwa tsiku lililonse amatha kuyambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso. Malamba omanga m'chiuno nawonso si yankho. Malangizo amene WHO idatulutsa mu 2023 okhudza msana wopweteka nthawi yaitali sakulimbikitsa malambawa, koma akulimbikitsa kulimbitsa thupi ndi kusaleka kuyendayenda.

Pali ululu wina umene sipanala singathetse. Ngati ululu ukutsikira m'mwendo, mwendo n'kumachita dzanzi kapena kufooka, ngati mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka mosadziletsa, ngati msana udayamba kupweteka munthu atagwa panjinga, kapena ngati akutentha thupi, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda, apite msanga kuchipatala cha m'dera lake kapena kuchipatala chachikulu cha ku Ulóngue. Chifuwa chachikulu cha TB chimathanso kugwira mafupa a msana, ndipo chimachizika chikapezeka msanga. Wotero asayendetse yekha njinga popita kumeneko, achite kumutenga.