Malayiki sadyedwa, anzanga

Anzanga, ndiyambe ndi kuulula. Tchuthi chapitachi ndinajambulitsa kunyanja, pamchenga woyera wa kuno ku Chintheche, ndi foni ya achemwali anga. Diresi ndinachita kusita, magalasi ndinabwereka, ndipo ndinajambulitsa kakhumi konse mpaka chithunzi chimodzi chinandikomera. Nditachiponya pa Facebook ndinadikira. Pofika madzulo anali atalayika anthu 11 okha, pamene mnzanga amene anaponya chake tsiku lomwelo anali atadutsa 200. Kenako mnyamata wina, woti sindimudziwa n'komwe, analemba kuti, "Koma kudako, uzisambako." Usiku umenewo nsima ya kondowole sinandilowe, chonsecho ndiwo zinali batala.

Mawa lake ndinachita zimene ambiri timachita koma sitinena. Chithunzi chija ndinachidutsitsa mu filter, khungu n'kuyera, mphuno n'kuchepa. Malayiki anakwera ndithu, koma mtima sunakhale pansi, chifukwa anthu aja ankayamikira mtsikana amene kulibe. Nditadziyang'ana pagalasi ndinadziona ngati ndine wolakwika. Sabata yomweyo ndinafunsa mtengo wa mafuta oyeretsa khungu pamsika. Taganizani, ine amene chibadwire sindinadandaulepo ndi khungu langa!

Amene ananditsegula maso ndi msuweni wanga wa ku Joni. Kuno ku Nkhata Bay ndi mabanja ochepa amene alibe m'bale kumeneko, ndiye zithunzi zawo mukuzidziwa: jekete yonyezimira, nsapato zoyera, dzanja lili pagalimoto. Anyamata ena a m'kalasi mwathu akaona zimenezi amati MSCE ndi yotayitsa nthawi, bola pasipoti. Atabwera pa Khirisimasi ndinamufunsa za galimoto ija. Anaseka. "Aise, ija ndi ya abwana, ine ndimangoitsuka." Anandiuza kuti amagona anthu asanu m'kachipinda kamodzi, ndipo mwezi ukakhala wovuta amadya kamodzi patsiku. Zimenezo sajambula. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Vuto lagona pamenepa. Munthu amaponya mphindi imodzi yabwino pa sabata yonse, ife n'kumaiyerekeza ndi moyo wathu wonse, ndi yunifolomu yathu yozilala ndi sukulu fizi yosamaliza. Mpikisano wotere ungaupambane bwanji?

Musaganize kuti ndi ife akumudzi tokha. Mu 2021 mayi wina amene ankagwira ntchito ku Facebook, Frances Haugen, anatulutsa zikalata za kampaniyo zosonyeza kuti kafukufuku wake womwe anapeza kuti Instagram imachititsa atsikana ena kudana kwambiri ndi matupi awo. Mu 2024 nyumba ya malamulo ya ku Australia inakhazikitsa lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba amchezo. Makampaniwa amapeza ndalama ndi malonda amene amationetsa, ndiye amafuna tizikhalapo nthawi yaitali. Kaya tikusangalala kaya tikulira, bola chala chikuyenda. Bandulo ya Airtel kapena TNM timagula ndife, nthawi zina ndi ndalama ya usipa imene amayi anaupsera ndi dzuwa pathandala.

Wina anena kuti, "Ndiye titaye mafoni?" Ayi, sindikutero. Pa WhatsApp ndi pamene timagawana mapepala a mayeso akale. Ena bambo awo ali ku Joni ndipo amawaona nkhope pafoni pomwepo. Asodzi amamva chenjezo la mwera asanalowe m'madzi. Foni ndi yabwino, koma sindilola kuti izindiuza ngati ndine wokongola kapena ayi.

Zimene ndikuchita ineyo ndi izi, mwina zingathandize wina. Masamba onse amene ndikawaona ndimadzimva wachabechabe ndinasiya kuwatsatira. Foni sindigona nayo, ndimabweza kwa achemwali tikangodya, moti masiku ano sindiwodzera m'phunziro la masamu. Ndikafuna kuponya chithunzi ndimadzifunsa kuti, chikapanda kulayikidwa ndi aliyense, ndidzachikondabe? Ngati yankho ndi ayi, chimakhala m'foni momwemo.

Kwa inu amene mumalemba zonyoza kenako n'kumati "timangocheza", dziwani kuti amene mwamulemberayo mawa mukhala naye desiki limodzi. Ena amajomba kusukulu chifukwa cha chithunzi chimene chazungulira m'magulu. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 loona za pa intaneti, ndipo kuzunza munthu kudzera pafoni ndi mlandu. Wina akakuchitirani zotere musafe nazo mumtima. Sungani uthengawo, kauzeni aphunzitsi amene mumawakhulupirira kapena makolo.

Chomaliza. Azungu amalipira ndalama zambiri kuchoka ku Ulaya kudzajambula nyanja ya ku Kande, mabwato athu ndi dzuwa likamatuluka, ife eni ake tili kalikiliki kubisa nyumba yathu kuseri kwa chithunzi kuti anthu asadziwe kumene timachokera. Chithunzi changa chija ndinachibwezerapo chopanda filter. Malayiki alipo 14 tsopano, ndipo nsima ndikudya bwinobwino.

Amene akutsutsa alembe, pabolodi pano malo alipo.

Ndine mnzanu wa Fomu 3