Mafuta a pansi m'chigwa cha Shire: ziphaso zinatuluka, chitsime chili kuti?

Mu September 2024 anthu a ku Marka m'boma la Nsanje anakhamukira kusiteshoni kukalandira sitima yonyamula mafuta agalimoto kuchokera kudoko la Beira, patatha zaka zambiri njanjiyo ili chigonere. Mafutawo anali ogula kunja ndi ndalama zakunja, ngakhale kuti Marka ali m'dera lomwe boma linalipereka kalekale ku kampani yofufuza mafuta a pansi pa nthaka. Mpaka lero m'dziko muno mulibe chitsime chomwe chatulutsa mafuta ogulitsa.

Boma linagawa dziko lino m'zigawo zisanu ndi chimodzi zofufuzamo mafuta. Chigawo choyamba, chakumpoto, chinapita ku kampani ya SacOil ya ku South Africa mu 2012. Chachiwiri ndi chachitatu, za panyanja ya Malawi, zinapita ku Surestream Petroleum ya ku Britain mu 2011. Chachinayi ndi chachisanu inatenga RAK Gas ya ku United Arab Emirates, pomwe chachisanu ndi chimodzi, chomwe ndi chigwa cha Shire, chinapita ku Pacific Oil.

Ntchito sinapite patali. Mapangano ena a kagawidwe ka phindu anasainidwa mu May 2014, kutatsala masiku ochepa kuti kuchitike chisankho. Boma latsopano la Peter Mutharika linaimitsa ntchitoyi kumapeto kwa chaka chomwecho kuti liunikenso momwe ziphaso zinaperekedwera, ndipo linachotsa chiletsocho mu 2016. Nthawi yomweyo mtengo wa mafuta padziko lonse unagwa, kuchoka pa madola oposa 100 pa mgolo pakati pa 2014 kufika pafupifupi madola 30 kumayambiriro kwa 2016. Makampani ang'onoang'ono, omwe amadalira ndalama za anthu ogula masheya, anasowa potolera. Kunyanja nako, mkangano wa malire ndi Tanzania unaopseza ofuna kuikapo chuma chawo.

Chiyembekezo cha m'chigwa cha Shire chili ndi maziko ake. Ku Lengwe ndi ku Mwabvi kuli miyala yakale yotchedwa Karoo, yomwe muli malasha. Miyala ya mtundu womwewo m'chigwa cha Zambezi ndi yomwe kampani ya Invictus Energy ya ku Australia inaboola ku Muzarabani m'dziko la Zimbabwe kuyambira mu 2022, ndipo mu December 2023 inalengeza kuti yapeza gasi. Koma kufanana kwa miyala si umboni. Kuti mafuta akhalepo pamafunika mwala wowabala, wina wa timibowo wowasunga, ndi wina wolimba pamwamba wowatsekera kuti asathawe. Chimodzi chikasowa, chitsime chimatuluka chouma.

Nchifukwa chake oika ndalama sayang'ana chiphaso. Amafunsa ngati kampani yajambula za pansi pa nthaka ndi makina otumiza mafunde, ngati yasankha malo oboola, ndiponso ngati yapeza ndalama za chitsime choyamba, chomwe chimadya madola mamiliyoni ambiri. Zitsime zambiri zoyamba m'madera atsopano sizipeza kanthu kogulitsa. Ngakhale zikapeza, ulendo umakhala utangoyamba. Dziko la Uganda linapeza mafuta mu 2006, koma makampani anavomera kuikapo ndalama zokumbira mu 2022, chifukwa panafunika paipi ya makilomita 1,443 yokafika kudoko la Tanga ku Tanzania. Nafenso tilibe doko la kunyanja yamchere, tilibe fakitale yoyenga mafuta. Mwayi wa Marka ndi njanji yopita ku Beira, koma njanji imanyamula zomwe zapezeka kale.

Kwa anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa, nkhani yaikulu ndi malo ndi madzi. Chigwachi chimadyetsa anthu ndi ng'ombe, mapira, thonje, nzimbe za ku Nchalo ndi nsomba za m'dambo la Elephant Marsh, lomwe mu 2017 linalowa m'kaundula wa madambo otetezedwa padziko lonse. Ndi chigwa chomwechi chomwe chinamira mu 2015, mu 2022 ndi namondwe Ana, komanso mu 2023 ndi namondwe Freddy. Pamalo oboola pamakhala maenje a matope osakaniza ndi mankhwala. Madzi osefukira atadutsa pamenepo, zonsezo zingathere m'minda ndi mumtsinje wa Shire. Walira mvula walira matope, ndipo ndi bwino kudziwiratu amene adzalipire matopewo.

Lamulo loyendetsa kufufuza ndi kukumba mafuta linakhazikitsidwa mu 1983, nthawi ya chipani chimodzi, pomwe kufunsa maganizo a anthu a m'midzi sikunali mwambo wa boma. Dziko lino linalowa mu 2015 m'ndondomeko ya EITI, yomwe imafuna kuti ndalama zomwe makampani a migodi ndi mafuta amapereka ku boma zidziwike poyera. Mogwirizana ndi lonjezo limenelo, unduna woona za migodi uyenera kumafotokozera Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse ntchito yomwe yagwirika m'chigawo chilichonse, ndalama zomwe zalowa, ndi tsiku lomwe chiphaso chithere. Kampani yomwe yangogwirizira dera osagwirapo ntchito ilandidwe chiphaso. Mapangano a kagawidwe ka phindu asindikizidwe asanasainidwe, ndipo mafumu ndi makhonsolo a m'chigwa aone mapu a malo ofufuzamo.

Woika ndalama wanzeru amafunanso zomwezi, chifukwa pangano losainidwa mobisa limagwedezeka boma likasintha, monga zinachitikira mu 2014. Anthu a ku Marka akamva wina akulonjeza ntchito za mafuta, amufunse kuti makina oboola aima pamunda wa yani, afika liti, ndipo chipukuta misozi chalembedwa pati.