Posaya mpomwe tikumira

Abale athu a kunyanja, mutikhululukire kuti lero alimi a kumtunda tikulankhula za mabwato. Ife a ku Mitundu ndi ku Nathenje nyanja timaidziwira pamsika, usipa ukafika m'madengu kuchokera ku Salima ndi ku Mangochi. Nkhafi sitiidziwa bwino, dzanja lathu linazolowera khasu. Koma paja mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndiye timveni pang'ono.

Chomwe taona n'chakuti tonsefe, a kunyanja ndi a kumtunda omwe, madzi akuya timawapatsa ulemu koma madzi osaya timawapeputsa. Msodzi wa chilimira sanyamuka pagombe osayang'ana kumwamba. Amadziwa kuti kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti mwera sachita masewera, amamvera wailesi a zanyengo akamachenjeza, amaona mafuta mu injini, amawerenga anthu ake. Koma munthu yemweyo akafika pa mtsinje kapena pa dambo losefukira, amangoti "apa mposaya, n'kale tawoloka," n'kukweza anthu, njinga, mbuzi ndi matumba mpaka madzi kutsala pang'ono kulowa m'bwato.

Kuopa nyanja yaikulu sikulakwa ayi. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 500 ndipo kumpoto kwake imazama pafupifupi mamita 700. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya, yatsopanotsopano, inatembenuzika ndi mphepo pafupi ndi Chitimba ndipo anthu 145 anathera m'madzi. Nkhani imeneyi agogo akuisimbabe. Koma taganizani za chaka cha 2023 chokha. Mu Epulo, pa mtsinje wa Rusa ku Mchinji, boma loyandikana nafe, bwato linagudubuka ndi anthu amene amapita kumaliro, ndipo maliro amodzi anabala maliro ambiri. Mwezi wotsatira, ku Nsanje, mvuu inagunda bwato la anthu 37 amene amawoloka Shire kupita kuminda. Kunalibe mwera kumeneko. Kunalibe mafunde otalika ngati nyumba. Gombe linali kuoneka tsidya lino ndi tsidya linalo. Anthu amenewa sanali pa ulendo wautali, anali pa ulendo wa tsiku ndi tsiku, wa makasu ndi nsima yomanga m'kansalu.

Nafenso tinalawapo. Zaka zapitazo, m'mwezi wa Febuluwale, tinali kuchokera ku ukwati tsidya la Diamphwe, mtsinje utadzaza. Mnyamata wowolotsa anati akweza anthu asanu. Ife akuluakulu, poopa mdima, tinamukakamiza kuti tikwere asanu ndi atatu ndi njinga ziwiri. Iye anakana kawiri, kachitatu anangoti "chabwino agogo," chifukwa mwana wa kwathu kuno sabweza mawu a munthu wa imvi. Pakati pa mtsinje chitsa chobisika chinagunda bwato, mmodzi anaimirira ndi mantha, basi tonse m'madzi. Madziwo anali olekeza m'chifuwa, koma anali othamanga, pansi pali matope ogwira miyendo, ndipo mkanjo ukanyowa umalemera ngati wasenza thumba. Tinapulumuka tonse, njinga imodzi inapita. Wolakwa tsiku limenelo sanali mnyamata uja. Tinali ife.

Madzi osaya ali ndi malamulo ake, ndipo si malamulo a nyanja yaikulu ochepetsedwa. Pakuya mdani amachokera kumwamba, ndiye mphepo, ndipo umamuona akubwera. Posaya mdani ali pansi ndipo saoneka: mchenga umene unasamuka ndi mvula ya chaka chatha, chitsa, mwala, ukonde wakale wotayidwa, mvuu yogona ndi mwana wake, ng'ona. Njira imene munadutsa chaka chatha chaka chino kulibe. Ngakhale mafunde ake ndi ena. Pakuya funde limakhala lalitali, boti limakwera n'kutsika nalo, ndipo woyendetsa wodziwa amalilandira ndi mutu wa boti. Posaya mafunde amakhala aafupi, otsatizana, ophulika msanga, amamenya bwato lisanapume ku funde loyamba. Funsani a ku Malombe, kumene malo ambiri madzi sapitirira mamita 2 kapena 3, kapena a ku Chilwa amene amawoloka kuchoka pa Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi. Akuuzani kuti nyanja yosaya imakwiya mwadzidzidzi. Ndipo malo oipitsitsa ndi pamene madzi awiriwa amakumana, pamathiriro a mtsinje, pamene Linthipe kapena Bua akukankha kutuluka mwera akukankha kulowa, pansi pali mchenga.

N'chifukwa chake boti limodzi silingakhale labwino konsekonse. La pakuya limafuna mimba yozama ndi nthiti zazitali kuti lisagubuduke ndiponso funde lisalowe. La posaya limafuna pansi pophwatalala, lopepuka, loti munthu n'kulikankha ndi nsungwi. Mukalowa ndi la pakuya m'madambo, limatitimira, injini imadya mchenga ndi matope pomwe imakokera madzi oziziritsira, namasupuni amakulunga chopalasira chake, ndipo ngongole ya injiniyo imatsala pakhomo. Mukatuluka ndi la posaya kupita pakati pa nyanja kukasaka usipa, chifukwa m'mphepete nsomba zatha, ndiye mwaika moyo pa mbale.

Azungu oyamba phunziro limeneli analilipira modula. Mu 1861 David Livingstone anabwera ndi sitima ya Pioneer, yomangidwa molimba kuti ipirire nyanja ya mchere kuchokera kwawo. Nyanja ya mchereyo inaipiriradi. Koma italowa mu Shire inapezeka kuti imazama kwambiri, ndipo inkangokhalira kukakamira pa mchenga, nthawi ina masabata angapo malo amodzi, anthu akudwala malungo m'madambo. Ilala yoyamba, ya mu 1875, anaipanga mwanzeru ina: inali yomasula. Atafika pa mathithi a Shire anaiphwasula, anthu mazanamazana anaisenza pamutu kudutsa mathithiwo, n'kukailumikizanso kumtunda. Amene anafikitsa sitimayo kunyanja anali makosi a makolo athu. Ngakhale Ilala ya masiku athu ano, imene yayenda pa nyanjayi kuyambira 1951, pa madoko ngati Nkhotakota imaponya nangula patali ndipo anthu ndi katundu amatsikira m'maboti aang'ono. Amene anakwerapo akudziwa kuti mtima umagunda kwambiri pa kaulendo kakafupi kameneka, ka pakati pa sitima ndi mchenga, kuposa usiku wonse wa pakati pa nyanja.

Nanga doko la Nsanje? Linatsegulidwa ndi chikondwerero chachikulu mu Okutobala 2010, ndi chiyembekezo chakuti katundu azichokera ku nyanja ya mchere kudzera mu Zambezi ndi Shire. Boti la feteleza limene limayembekezeka tsiku limenelo linaimitsidwa ku Mozambique, ndipo mpaka lero dokolo langokhala. Za ndale zake tiwasiyire eni ake. Ife tikungoona kuti ngakhale maboma atagwirizana mawa, mchenga wa mu Shire sudzasayina nawo pepala. Udzafunika kukumbidwa chaka ndi chaka.

Apa ndiye pamene ife a kumtunda tiyenera kuweramitsa mutu, chifukwa mchenga ndi matope amenewa ali ndi kwawo. Mtsinje wa Lilongwe ndi wa Diamphwe yonse imachokera ku Dzalanyama, nkhalango imene yadyedwa ndi makala ife tikuona, njinga za makala zikudutsa pa Mitundu usiku ndi usana. Mitsinje iwiriyi imathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja ku Salima. Tikalima dimba mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, tikadula bango ndi mikuyu ya m'gombe, tikakumba mchenga wogulitsa m'tauni, dothi lathu limanyamuka ndi mvula yoyamba. Ife timadandaula kuti munda wasuluka, feteleza sakugwira. Inu mumaona madzi ofiira akulowa m'nyanja, malo oswanirana chambo akukwiririka, mpasa zimene zinkakwera mitsinje kukaikira mazira zikusowa, ndipo njira ya bwato ikusintha. Dothi ndi lomwelo. Kuno latisiya osauka, kumeneko likukutcherani msampha. Tili ku madrasa ndi ku pulayimale, maenje ena a mu Diamphwe munthu wamkulu ankamira osagunda pansi. Lero ana amawoloka pomwepo m'chilimwe madzi ali m'mawondo, koma mvula ikagwa mtsinje wopanda mimba umenewu umasefukira m'mbali n'kuthamanga moopsa kuposa kale.

Tisaiwalenso kuti madzi a dziko lino sakhala pa muyeso umodzi. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'ambika, mabwato ali gonegone pouma. Kale, kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935, nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti Shire analeka kutuluka, mchenga ndi udzu zitatseka pakamwa pake. Koma mu 2024 nyanjayi inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'minda ku Mangochi ndi ku Salima. Madzi akakwera chonchi amabisa zitsa, mipanda ndi maziko a nyumba pamalo pamene dzulo panali pouma. Munthu amene amati "ine ndinabadwira pano, ndikudziwa," akudziwa nyanja ya chaka china.

Ena atiyankha kuti zonsezi ndi umphawi. Adzati wowolotsa amalandira pa mutu pa mutu, ndiye akachepetsa anthu adya chiyani? Adzati mlatho kulibe, jekete lodzitetezera pamadzi ndi lodula, ndipo boti loyenera pakuya si la munthu wamba. Zoona zimenezo, ndipo boma lili ndi ngongole ya milatho kwa anthu a ku Rusa, ku Nsanje ndi malo ena ambiri. Tisaleke kuikumbutsa kudzera kwa mafumu, makhansala ndi aphungu. Koma tsiku lija pa Diamphwe sitinali osowa ndalama ya ulendo wachiwiri. Tinali osowa kudekha kwa mphindi makumi awiri. Ndipo pa maliro ambiri a madzi amene tamva, nkhani imakhala yomweyo: dzuwa limalowa, mwambo umayamba, wina wamkulu anati tiyeni tonse.

Enanso amati inali nthawi yake. Ife amene timaimirira kutsogolo pa janaza sitikana kuti tsiku la munthu lili m'manja mwa Mulungu. Koma mawu amenewa ndi otonthozera wofedwa, si chilolezo chokwezera anthu khumi ndi awiri m'bwato la anthu asanu ndi mmodzi. Moyo wa mwana amene mayi wamubereka kumbuyo ndi chosungitsidwa kwa aliyense amene ali m'bwatomo.

Pempho lathu ndi laling'ono. Makomiti a pagombe ali kale ndi mphamvu pa maukonde ndi nyengo yotseka nyanja. Bwanji mphamvu yomweyo isafike pa malo owolotsera? Bwato lililonse lowolotsa anthu lijambulidwe mzere wa penti m'nthiti mwake, mfumu ndi komiti akuona, ndipo madzi akafika pa mzerewo wina atsike, kaya ndi shehe, kaya ndi mfumu yomweyo. Mzere umathandiza mnyamata wowolotsa, chifukwa iye sangakane agogo koma penti ingawakane. Katundu wolemera akhale pansi pakati, anthu akhale pansi, ndipo ana amasulidwe kumbuyo asanakwere kuti mayi akhale ndi manja ndi msana womasuka. Pamene majekete palibe, chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotsekedwa bwino ndi kumangiriridwa kachingwe kogwirira, chimatha kusunga mutu wa munthu wamkulu pamwamba pa madzi. Zigubu zili m'nyumba iliyonse. Ndipo msodzi wa ku Senga Bay akasamukira ku Malombe kapena ku Chia, asachite manyazi kukwera ndi mwini dera masiku oyamba, ngakhale mwini derayo akhale mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wake. Safunsa anadya phula.

Ife kuno tayamba ndi gawo lathu, ngakhale mochedwa. Pa madimba a m'mudzi mwathu tagwirizana kusiya mayadi angapo osalima kuchokera m'mphepete mwa mtsinje, ndipo tikubzalamo vetiva, bango ndi nsungwi. Sizinapite bwino kwa onse. Pali mabanja awiri amene akuti tawalanda mizere ya tomato, ndipo nkhaniyi ikadali kwa a nyakwawa. Tikumananso nawo mvula isanagwe.