LEKANI KUBWEREKA MABINGU A ENI AKE

Anzanga acinyamata a ku Kitwe ndi ku Ndola, makamaka inu amene mumacezera usiku pa kompyuta kukonza nyimbo, nkhani iyi ndi yanu ndipo sindikunyengererani ai. Pali ulesi wina umene walowa m'tizipinda tathu tojambuliramo nyimbo, ndipo ulesi umenewu tauveka dzina lakuti ukatswiri. Tamverani nyimbo khumi zopangidwa ndi acinyamata a ku Chimwemwe, ku Wusakile, ku Chifubu kapena ku Lubuto. Musanafike pakati mudzamva mphepo imodzimodzi ikukwera, bingu limodzimodzi likuphulika, ndi lipenga limodzimodzi likubangula ngati kuti dziko likutha. Mau onsewa sanapangidwe kuno. Anatengedwa pa intaneti m'mitolo imene amaichula kuti sample pack, ndipo mtolo womwewo ali nao mnyamata wa ku Lagos, wa ku Manila ndi wa ku Manchester. Makolo anati nsalu yobwereka siithetsa usiwa. Bingu lobwereka nalonso silingamusandutse munthu kukhala katswiri.

Kodi tikunena za ciani?

Luso la mau oterewa lafika patali kwambiri m'nyimbo zochedwa drum and bass. Nyimbo zimenezi zinabadwira ku England, m'mizinda ya London ndi Bristol, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ambiri mwa oziyambitsa anali ana a anthu ocokera ku Jamaica ndi ku zisumbu zoyandikana nako. Ng'oma zake zimathamanga koopsa, kugunda 160 mpaka 180 pa mineti imodzi, pamene besi imayenda mwaulemu pansi pake. Goldie anatulutsa cimbale cake Timeless mu 1995, ndipo mu 1997 Roni Size ndi gulu lake Reprazent analandira mphotho ya Mercury cifukwa ca cimbale cao New Forms.

Zambiri mwa nyimbozi zilibe munthu woimba ndi pakamwa. Nanga nkhani amaifotokoza ndani? Amaifotokoza mau onga a m'mafilimu. Pali mau amene amakwera pang'onopang'ono kukoka mtima wa womvera, ndipo amawachula riser. Pali kugunda kwakukulu pamene ng'oma ndi besi zagwera pamodzi, kumene amati impact. Palinso mau a kumbuyo ong'ung'udza, amene amakuuza kuti uli m'phanga, m'mvula kapena m'mzinda wopanda anthu. Pa liwiro la 174, mabaa 16 amatha m'masekondi 22 okha. M'kanthawi kameneko wopanga nyimbo ayenera kumanga mantha kapena ciyembekezo, kenaka nkucimasula.

Ndikudziwa kuti drum and bass si nyimbo imene mumaimva tsiku ndi tsiku m'minibasi zopita ku Kwacha kapena ku Masala. Koma mau ake a m'mafilimuwa alowa ponseponse: m'hip hop ya Kopala, m'dancehall, m'nyimbo za makwaya, ngakhale m'masewero amene magulu athu amacita pa Pasaka. Cotero vutoli ndi lathu tonse.

Eni mabingu anawapeza kuti?

Pamene filimu ya Star Wars inatuluka mu 1977, anthu anazizwa ndi kulira kwa mfuti zake. Mwini wa mau amenewo, Ben Burtt, sanawagule m'sitolo. Iye anatenga nyundo namenya waya wokokeka umene umagwiriziza nsanja ya wailesi, nachera maikolofoni. Kung'ung'udza kwa lupanga lamoto la m'filimuyo anakupeza posakaniza kulira kwa injini ya makina akale oonetsera kanema ndi kulira kwa TV. Kupuma koopsa kwa Darth Vader ndi kupuma kwa munthu wamba kudzera m'cipangizo ca osambira pansi pa madzi. Mu 1993 Gary Rydstrom anafunika kupanga kubangula kwa cilombo ca m'filimu ya Jurassic Park, cilombo cimene palibe munthu anacimvapo, ndipo anasakaniza kulira kwa mwana wa njovu, kwa kambuku wa ku Asia ndi kwa ng'ona ya ku America.

Kodi mwaona? Anthu amene timawasirira anatuluka panja ndi makutu otseguka. Ife tikutengera zipatso zao, koma njira yao taikana.

Ngakhale ng'oma zimene zili msana wa drum and bass zinaimbidwa ndi manja a munthu. Mu 1969 gulu la ku America lochedwa The Winstons linajambula nyimbo yakuti Amen, Brother, yozikidwa pa nyimbo yauzimu. Pakati pake woimba ng'oma, Gregory Coleman, anaimba yekha kwa masekondi ngati 7. Kadutswa kameneko kadulidwa, kuthamangitsidwa ndi kusokedwa m'nyimbo zikwi zambiri. Coleman anamwalira mu 2006 ali wosauka, osadyapo phindu la manja ake. Tiphunzirepo ziwiri: mau alionse amene mumakoka pa kompyuta ali ndi mwini, ndipo kanthu kakang'ono kojambulidwa bwino kangayende dziko lonse.

Alendo akutola zimene ife tikuponda

Cimene cimandiwawa koposa ndi cakuti dera lathu lino linali kale gwero la mau ake-ake. Mu 1975 gulu la ku Kitwe lochedwa Amanaz linajambula cimbale cakuti Africa ku Malachite, situdiyo ya mafilimu ya ku Chingola. WITCH, gulu la Emmanuel Jagari Chanda, nalonso linayambira ku Kitwe, ndipo caka comweco linatulutsa Lazy Bones!! Ku Ndola kunali kampani ya Teal yosindikiza zimbale, ndiponso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo. Anyamata amenewo anali kumvera Jimi Hendrix ndi The Rolling Stones, inde, koma cimene cinatuluka m'manja mwao sicinali ca ku London kapena ca ku America. Cinali Zamrock, ndipo cinanunkha fumbi la m'makomboni a migodi.

Tsono tamvani izi. Mu 2023 woimba wochuka wa ku America, Travis Scott, anatenga kadutswa ka nyimbo ya Amanaz yakuti Nsunka Lwendo nakaika m'nyimbo yake Sirens. Mu 2024 Tyler, the Creator anamanga nyimbo yake Noid pa mau a Ngozi Family, gulu la malemu Paul Ngozi. Anthu amene ali ndi masitudiyo a ndalama zosawerengeka akufukula zimbale zakale za ku Zambia kufunafuna mau amene dziko silinawatope nao. Nthawi yomweyo mdzukulu wa wamgodi wa ku Chamboli akutha mabandulo ake kukopera bingu limene anthu zikwi zambiri analigwiritsa kale nchito. Kodi kumeneku si kusiya nsima ili pa mbale nkumapempha makoko kwa aneba?

Kitwe ndi Ndola ndi mizinda yaphokoso

Imani kaye cete kwa mineti imodzi pamene mulipo, mumvere. Kuli sitima yokoka ngolo za katundu, mawilo ake akulira pa njanji usiku. Kuli mathiraki olemera opita ku Kasumbalesa akutulutsa mpweya wa mabuleki. Kuli cigayo cimene cimayamba ndi kubuula nkumakwera mpaka kukuwa. Pa Chisokone pali mawilibala, anyamata oitanira basi ndi osula mbaula amene amamenya citsulo kuyambira m'mawa. Pa Nkana Stadium kapena pa Arthur Davies, tsiku limene Nkana yakumana ndi Power Dynamos, khamu limakweza mau pamodzi mpira ukamayandikira golo. Kuli mvula ya mu Januwale pa denga la malata, acule a m'mbali mwa Kafubu, belu la chalichi ndi ng'oma yaikulu ya kwaya. Palibe sample pack pa dziko lonse imene ili ndi zimenezi, cifukwa palibe amene wazijambula ndi kuzikonza. Nchito imeneyo ikudikira inu.

Ndipo si nchito yamatsenga. Mukafuna kugunda kwakukulu, jambulani zinthu zitatu: mwala womenya citsulo kuti mupeze kuthwa kwa poyambira, mgolo wopanda kanthu womenyedwa ndi mtengo kuti mupeze thupi, ndi ng'oma yaikulu kapena babatoni ya oimba kalindula kuti mupeze kulemera kwa pansi. Zisanjikeni pamodzi pa kompyuta, muzitsitse ndi masemitoni 12. Mukatero kunjenjemera kwa mau kumacepa ndi theka, ndipo mgolo wa pakhomo umamveka ngati citseko ca phanga. Onjezerani reverb kuti mcira wake utalike.

Mukafuna mau okwera, jambulani cigayo pamene cikuyamba, kapena khamu la ku mpira. Njira ina ndi iyi: menyani civundikiro ca poto, mucilole cilire mpaka cizime, kenaka mutembenuze mauwo kuti ayambire kumapeto. Cimene cinali kuzima cidzakhala cikukula, ndipo cidzamukoka womvera mpaka pamene ng'oma zikugwa.

Mukafuna mau a kumbuyo, talikitsani kulira kwa mvula kapena kwa sitima yakutali. Kung'ung'udza kwa transifoma nakonso nkwabwino, ndipo popeza magetsi athu amayenda pa 50 Hz, liu lake limakhala pafupi ndi noti ya G. Imani patali ndithu pojambula. Pomaliza kumbukirani malamulo awiri. Besi ya drum and bass imakhala pansi kwambiri, pakati pa 40 ndi 60 Hz, cotero mau okwera ndi a kumbuyo muwadule zonse za pansi pa 150 Hz kuti asalimbane nayo. Laciwiri, musaope cete. Kaphindi kopanda mau alionse kugunda kusanafike kamagwedeza mtima kuposa mabingu asanu ounjikidwa.

Zodzikhululukira zimene timamva

Ena adzati, tilibe zida. Koma foni ili m'thumba mwanu imajambula mau, ndipo pulogalamu ya Audacity ndi yaulere. Valikani foniyo sokisi kuti mphepo isasokoneze, mudzuke m'mamawa misewu isanadzaze, muyandikire cinthu cimene mukujambula. Nzoona kuti maikolofoni a foni sagwira bwino mau a pansi, koma kutsitsa kuja ndi kumene kumawabweza. Cimene cikusowa si cida, ndi khama.

Ena adzati, akatswiri a kunja naonso amagwiritsa nchito sample pack. Nzoona, ndipo kugula mtolo moyenera si mlandu. Koma mitolo imeneyo sinagwe kumwamba. Pali munthu amene anayenda ndi maikolofoni, nakonza mau, ndipo tsopano akulandira ndalama. Cifukwa ninji ife tikhale ogula mpaka kalekale, osakhalako ogulitsa? Ndipo tinene zoona, yambiri mwa mitolo ndi mapulogalamu amene timapatsana pa mafulashi sanagulidwe. Lamulo loletsa kuba tinaliloweza tonse tili ana. Kodi limaleka kugwira nchito tikayatsa kompyuta? Munthu amene akumanga nyimbo pa katundu wakuba alibe pakamwa podandaulira ena akamakopera nyimbo yake.

Akuluakulu ena adzati, zonsezi nzacilendo, zisiyeni. Ndi ulemu wonse, makolo athu, gitala nayonso inabwera ndi alendo, koma P.K. Chishala anaiphunzitsa kulankhula Cibemba. Kiyibodi imene imatsogolera nyimbo Lamulungu sinapangidwe ku Luapula. Vuto si kumene cida cinacokera. Vuto ndi mwana amene wagwira cida koma alibe cake coti anene.

Ticitepo kanthu

Gulu lililonse la acinyamata lili ndi mmodzi kapena awiri odziwa kompyuta, ndipo lili ndi ambiri amene ali ndi mafoni. Mutu umodzi susenza denga. Gawanani malo: awa ku msika, awa ku siteshoni, awa ku cigayo, awa ku kwaya. Aliyense abweretse mau khumi oyera, olembedwa dzina, malo ndi tsiku. Gulu la anthu 20 likatero lidzakhala ndi nkhokwe ya mau 200 amene palibe wina ali nao. Sewero lanu likubwerali, civomezi ndi bingu zicokere m'nkhokwe imeneyo.

Pocita izi khalani anzeru. Pemphani cilolezo musanajambule munthu kapena makina a mwini. Musalowe m'mipanda ya migodi, musayende pa njanji, ndipo musakwere Black Mountain kukafuna mau a miyala. Mu Juni 2018 mbali ya phiri limenelo inagumuka nipha anthu osacepera 10. Palibe nyimbo yoposa moyo. Ndipo mukamaliza nyimbo yanu, kumbukirani Gregory Coleman. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza eni nyimbo, la mu 1994, ndipo kuli bungwe la ZAMCOPS lolembetsako nchito zanu. Gwirizananinso polemba za mwini wa mau amene gulu lasonkhanitsa, ndalama zisanabwere kudzakudanitsani.

Anzanga, makolo athu anakumba mkuwa kwa zaka zambiri, wina nkumapanga nao waya kutsidya kwa nyanja, ife nkumaugulanso pa mtengo wokwera. Tisabwereze zomwezo ndi mau a mizinda yathu. Sabata ino tsekani mitolo ya eni ake, tengani foni, tulukani panja mukachere khutu.