Chikomekome cha Mkuyu: Anyamata Oimba a pa Kanema

Alipo anthu otiuza kuti magulu a anyamata oimba amene timawaona pa wailesi yakanema ndi chisangalalo chabe, kuti palibe choipa poona achinyamata anayi kapena asanu akuvina atavala zofanana. Ife tikukana. Nyimbo zao sitidana nazo, ndipo anyamatawo sitiwaimba mlandu. Mlandu uli pa akuluakulu obisala kuseri, amene anatulukira kuti mwana wa munthu angathe kusankhidwa, kuvekedwa ndi kugulitsidwa monga sopo wa m'sitolo.

Taonani mmene gulu la The Monkees linabadwira ku America. Anyamata aŵa sanakulire pamodzi, sanaphunzire gitala pa khonde limodzi. M'chaka cha 1965 Bob Rafelson ndi Bert Schneider, ataona phindu la filimu ya The Beatles yotchedwa A Hard Day's Night, analengeza m'nyuzi kuti akufuna anyamata anayi oseŵera m'chisudzo cha pa wailesi yakanema. Anabwera oposa 400, nasankhidwa Davy Jones, Micky Dolenz, Michael Nesmith ndi Peter Tork. Chisudzocho chinayamba kuonetsedwa mu 1966, ndipo sabata ndi sabata chinali kutsatsa malekodi ao. Koma pa malekodi oyambawo zida zambiri zinaimbidwa ndi akatswiri aganyu. Anyamatawo anangoikapo mau, ngakhale Nesmith ndi Tork anali odziŵa kale kuimba zida. Mu 1967 Nesmith anaulula zimenezi poyera, ndipo mkangano utakula, Don Kirshner, woyang'anira nyimbo zao, anachotsedwa ntchito. Kodi anatolapo phunziro lanji? Anakapanga nyimbo za The Archies, gulu la anthu ongojambulidwa ndi inki, ndipo nyimbo yao Sugar, Sugar inamveka ponseponse mu 1969. Chithunzi sichidandaula, sichifunsa malipiro, ndiponso sichikula.

Kukula kwa mwana ndiko kumavuta amalonda otere. Ku Puerto Rico, Edgardo Díaz anayambitsa gulu la Menudo mu 1977, naliyendetsa pa wailesi yakanema ndi m'mafilimu. Lamulo lake linali lakuti mnyamata akayandikira zaka 16, kapena mau ake akayamba kukhuthala, achoke, aloŵe wina wamng'ono. Anyamata oposa 30 anadutsa pa khomo limeneli. Ricky Martin, amene analoŵa mu 1984 ali ndi zaka 12, timamdziŵa tonse. Nanga enawo ndani angawatchule maina? Mu 2022 ena a iwo, ali abambo aakulu, anafotokoza m'filimu nkhanza zimene akuti anakumana nazo m'gululo.

Wina adzati, "Komatu analemera!" Analemera ndani? Lou Pearlman, mwini wake wa Backstreet Boys ndi NSYNC, anasumiridwa ndi magulu onse aŵiriwo pa nkhani ya ndalama. Mu 2000 iyeyu anasandutsa kusankha anyamata kukhala pologalamu ya pa wailesi yakanema, Making the Band. Mu 2008 anaweruzidwa zaka 25 chifukwa chobera anthu osungitsa chuma, nafera m'ndende mu 2016.

Tisadziyeretse ife oonera. Ndife amene timaombera m'manja mwana akamalira pa mpikisano, kuiŵala kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ku Britain, mu 2010, pa mpikisano wa The X Factor, anyamata asanu amene anabwera aliyense payekha analumikizidwa ndi oweruza kukhala One Direction. Liam Payne anali ndi zaka 16. Patapita zaka, iye mwini anafotokoza kuti pa maulendo ao ankatsekeredwa m'zipinda za m'mahotela poopa khamu la owakonda, ndi kuti m'zipindamo munali moŵa. Sitikunena kuti mpikisano ndiwo unamupha. Tikungofunsa kuti pa zaka zimenezo, akuluakulu oŵerenga ndalama ali pa ntchito yao, anali kumlera ndani. Anamwalira mu Okutobala 2024 atagwa kuchokera pa khonde la hotela ku Buenos Aires, ali ndi zaka 31.