Zithunzi za malemu amuna anga zatsekeredwa m'kamera

Zikomo Amalume,

Ndine mayi wa zaka 41 ndipo ndili ndi ana atatu. Amuna anga adatisiya chaka chatha atangodwala masabata awiri. Pakati pa katundu amene adasiya pali kamera ya digito yomwe adagula mu 2012. Munthuyo ankakonda kujambula. Ubatizo wa ana, chinkhoswe cha mchemwali wawo, ulendo wathu wa kunyanja ku Mangochi, zonse zili mmenemo. Sitidatsukitsepo ngakhale chimodzi chifukwa ankangoti tidzatsukitsa ndalama zikadzapezeka.

Panopa tikukonzekera kumanga chiliza ndipo akuchimuna akufuna chithunzi. Alamu anga akuti ndiwapatse kamerayo akaone okha kwawo. Mwana wanga wamkulu ali ndi laputopu ya kusukulu, adayesa kulumikiza ndi chingwe cha foni koma sichikulowa. Mnyamata wina wa pakafe wandiuza kuti khadi lake ndi lakale, alifomate kaye kuti liwerengeke. Mtima wanga ukukana. Mwana wanga womaliza ali ndi zaka zinayi, nkhope ya bambo ake ayamba kuiiwala. Ndithandizeni, nditani?

Mayi E.K.,
Chilomoni, Blantyre

Mayi E.K.,

Pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya amuna anu. Tsamba lino lidazolowera nkhani za zibwenzi ndi apongozi, koma kalata yanu ndaiika patsogolo chifukwa ikachedwa mutha kutaya chinthu chosagulika m'sitolo.

Mtima wanu wakuuzani zoona. Mnyamata wa pakafeyo asakhudze khadi lanu. Kufomata n'kufufuta kaundula yense wa pakhadi, moti kompyuta imaliona ngati latsopano, lopanda kanthu. Nthawi zina kompyuta yokha imatulutsa uthenga wa Chingerezi woti khadi lifomatidwe musanaligwiritse ntchito. Mukauona uthengawo dinani Cancel, litulutseni, mukayese pa kompyuta ina. Mwina chovuta ndi kabowo kolowetsapo, osati zithunzi zanu.

Dziwaninso kuti zithunzizo sizili m'kamera kwenikweni, zili pakhadi. Zimitsani kamera, tsegulani kachitseko ka pansi pomwe pamakhala batire, mupeza kakhadi kukula kwake ngati sitampa ya pakalata. Kakankhireni mkati pang'ono, kadzatuluka kokha. Osakoka ndi pini kapena chikhadabo. Makamera ambiri a zaka zimenezo ankagwiritsa ntchito khadi la mtundu wa SD. M'mbali mwake muli kanthu kakang'ono kotsetsereka, katsitsireni komwe kwalembedwa Lock. Mukatero laputopu itha kuwerenga zithunzi koma osafufuta kapena kulembapo china chilichonse. Nkhani ya mavairasi a m'makafe mukuidziwa.

Za chingwe musavutike nazo. Mafoni a masiku ano ambiri ndi a USB-C, pomwe makamera akale ankalowa mini-USB kapena chingwe chawochawo cha kampaniyo. Muuzeni mwanayo asakakamize, athyola timano ta mkati. Aone kaye m'mbali mwa laputopu ngati muli kabowo kopyapyala ka SD. Ngati mulibe, monga momwe alili malaputopu ambiri atsopano, pitani m'masitolo a zamafoni mu Blantyre kapena ku Limbe mukafunse card reader. N'kachipangizo kangati fulashi, mumalowetsamo khadi kenaka n'kukalumikiza ku laputopu. Musanapite werengani dzina lomwe lalembedwa pakhadipo. Makamera akale a Sony ankagwiritsa ntchito Memory Stick, a Olympus ndi Fujifilm ankagwiritsa ntchito xD, ndipo amenewa salowa pamalo a SD. Dzinalo lembani papepala. Khadi lisiyeni kunyumba, musakalisiye kwa wogulitsa kuti mudzabwere mawa.

Mukalowetsa, tsegulani This PC ndipo khadi lidzaoneka ngati fulashi. Mkati mwake muli foda yotchedwa DCIM, zithunzi zonse zimakhala mmenemo. Pangani foda yatsopano pa laputopu, muipatse dzina loti aliyense alimve, monga Zithunzi za bambo. Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse bwino, chifukwa ambiri amalira pomwepa. Pali mawu awiri, Copy ndi Cut. Copy imakopera, zithunzi n'kukhala kuwiri. Cut imasamutsa, ikaika ku laputopu imachotsa pakhadi. Ana a sukulu amakonda Cut ati kupulumutsa malo. Inu nenetsani kuti Copy basi. Laputopu ikhale yotchaja bwino musanayambe, paja magetsi athuwa satsanzika akamazima.

Ikamaliza musathamangire kutulutsa. Dinani batani la kumanja pa foda ya DCIM, sankhani Properties, muone chiwerengero cha mafayilo. Chitaninso chimodzimodzi pa foda yatsopano ija. Ngati uku ndi 1,340 ndiye ukunso akhale 1,340. Tsegulani zingapo, zoyamba, zapakati ndi zomaliza, muone ndi maso anu kuti zikutseguka. Kenaka dinani Eject, ndiye mutulutse khadi.

Komatu laputopu ya mwana wa sukulu si malo osungira chuma. Imagwa, imabedwa ku hositelo, anzake amabwerekana ndi kulowetsamo mafulashi osadziwika. Koperaninso zithunzizo pa fulashi yatsopano yomwe muzisunga inuyo. Ngati muli ndi Gmail, Google imapereka malo aulere okwana 15GB, mutha kuikanso kumeneko tsiku lomwe mwapeza bandulo yokwanira. Khadi lenilenilo liikeni m'envelopu, mulembepo, mulisunge pamodzi ndi mtchatho wa ukwati. Lisabwererenso m'kamera.

Kwa owerenga ena amene adafomata kale kapena kufufuta mwangozi, musataye mtima msanga. Lekani kujambulira pakhadilo lero lomwe, chifukwa chithunzi chatsopano chimakhala pamwamba pa chakale ndipo chakalecho chimapitiratu. Pali mapulogalamu aulere monga Recuva ndi PhotoRec omwe amabweza zambiri mwa zithunzi zofufutidwa. Pezani munthu wodziwa makompyuta, inu mukhale pambali pake, ndipo zomwe zapezeka azisunge pa laputopu osati pakhadi lomwelo.

Tibwere kwa alamu anu. Ine sindiwaweruza, nawonso adataya mbale wawo ndipo kufuna chithunzi si kulakwa. Koma kamera ikayenda m'manja mwa anthu ambiri, wina amangodina batani lolakwika pofuna kujambula mwana, zaka khumi n'kupita. Auzeni mwaulemu kuti mukukonza zowapatsa zithunzi zonse, ndipo muwapatsedi pa fulashi yawoyawo. Chithunzi cha pachiliza musatumize mwachisawawa pa WhatsApp, chifukwa imachichepetsa ndipo pokulitsa chimatuluka chosaoneka bwino. Chitumizeni ngati Document, chimafika chathunthu.

Ngati pambuyo pake akufuna kamerayo ngati chikumbutso ndipo inu mwalola ndi mtima wanu, apatseni yopanda khadi. Muiyatse kaye khadi mulibe, muone ngati sikuonetsa zithunzi, poti makamera ena amasunga zochepa mkati mwawo. Koma ngati ayamba ndi kamera mawa n'kutchula wailesi ndi mipando, imeneyo ndi nkhani ina. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa mayi ndi ana ake. Mukambirane ndi ankhoswe, zikakanika mundilemberenso.

Mukamaliza zonsezi, sankhani zithunzi khumi mukatsukitse mwezi uno, osadikiranso kuti ndalama zidzapezeke. Chimodzi chikhale chomwe bambo anyamula mwana womalizayo. Chiikeni mufulemu, muchipachike pamunsi pang'ono, pomwe iye angachione osanyamulidwa.

Amalume